Kupalasa Ngalawa ya Aroma pa Mtunda

Ndinachoka kwathu mwana wanga Mwandida asanamere mano am'mwamba. Chaka sindichikumbuka. Ndimangokumbuka kuti inali nyengo ya fumbi, ndipo mkazi wanga Namilanzi anandiperekeza mpaka pa mtengo wa mbawa umene unali pa bwalo la sukulu, mwana ali kumsana, sutikesi yanga ili pamutu pake.

"Mwati teremu imodzi?" anandifunsa.

"Imodzi yokha, amake Mwandida."

"Paja ndinu mkamwini pano. Munda wa amayi sulimidwa ndi makalata. Mvula ikagwa inu kulibe, amalume ndidzawauza chiyani?"

"Mudzawauze kuti ndapita kukapalasa ngalawa."

Ine ndinkati ndikuseketsa. Iye sanaseke. Anatula sutikesi ija pa muzu wa mbawa, nanena kuti azidzaima pomwepo tsiku lililonse lotsekera sukulu mpaka ndidzatulukire.

Chimene chinandichotsa ndi ichi. Ndinali mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo munthu wina kulikulu, amene ndikukayika ngati anagwirapo choko, anaika m'silabasi mutu wa nkhondo zapanyanja za Aroma. Ana athu madzi aakulu amene anawaonapo anali a m'dambo. Ndikangoti "zombo zana limodzi ndi makumi awiri," mitu inkagwera pa madesiki ngati maungu. Ndinkakalipa, ndinkamenya bolodi, ndinkawaimiritsa. Iwo ankagona choimirira.

Tsiku lina, m'buku lina lopanda chikuto, ndinapeza chimene chinandipulumutsa, chomwenso chinadzandimanga. Aroma aja poyamba anali alimi ngati ife. Nyanja sankaidziwa, eni madzi anali adani awo a ku Katheji. Chombo chimodzi cha adaniwo chitatitimira mumchenga, Aroma anachitenga n'kuyamba kuchikopera, thabwa ndi thabwa. Zombo zili m'kati mokhomedwa, anakhazika anthu pa mabenchi, pamtunda pouma, n'kumawaphunzitsa kupalasa mphepo, munthu mmodzi ataima pakati kufuula kuti onse azikokera pamodzi.

M'mawa mwake ndinatulutsa mabenchi panja. Ndinajambula chombo pansi ndi phulusa, ndipo mwana aliyense ndinamupatsa phesi la chimanga kuti likhale nkhafi yake. Ndinaima pakati. "Kokani! Kokani!" Fumbi linangoti kobo! Palibe anagona. Ngakhale aja a kumbuyo, amene ankabwerera phala lokha, anafunsa ngati Katheji ili kutali.

Pansi pa mbawa panali pataima bambo wina wa jekete lotuwa, atakolekera fayilo m'khwapa. Anali a Chikakuda, woyendera masukulu.

"Aphunzitsi, zimenezi si za sukulu imodzi ayi," anatero. "Akazione a kuseri kwa phiri. Teremu imodzi yokha, kenako ndidzakusainirani kalata yobwerera kwanu."

Ndinamva kukoma, ndisaname. Kwa zaka ndinkadandaula kuti ntchito yanga palibe akuiona. Koma paja walira mvula walira matope.

Kuseri kwa phiri kunali sukulu, ndipo kuseri kwa sukuluyo kunali phiri lina. Kulikonse ankandipatsa kanyumba ka chipinda chimodzi ka zenera losatseguka. Kulikonse ndinkatulutsa mabenchi, kupempha phulusa kukhitchini, kutuma ana kukathyola mapesi. Teremu ikamatha ndinkacheuka, n'kupeza a Chikakuda ataima poteropo ndi fayilo yawo, akugwedeza mutu mokhutira. Akagwedeza mutu ndinkadziwa kuti ndayambanso kulongedza.

Pakati pa sukulu yachinayi ndi yachisanu, ngati sindikulakwitsa, panali mtsinje wopanda mlatho. Wowolotsa anthu anali mkulu wina, a Malikebu. Iwo analibe bwato logoba ngati anzawo; anali ndi boti la matabwa, la nkhafi ziwiri zomangirira m'mbali. Titakwera, anakhala pansi atafulatira tsidya limene tinkapita.

"Akuluakulu, mwakhala molakwika," ndinatero. "Tikupita uko."

"Kumene tikupita ndikukudziwa, aphunzitsi. Za bwato ndi zina, kumeneko umayang'ana kutsogolo. Nkhafi zomangirira zimafuna msana."

Ndinachita manyazi kwambiri. Pa chithunzi cha m'buku langa lija nkhafi za Aroma zinali zomangirira chimodzimodzi. Ana a masukulu anayi ndinali nditawakhazika choyang'ana kutsogolo ngati asodzi a m'bwato, ine mphunzitsi wotchuka.

"Nanga njira mumaidziwa bwanji musakuona?"

"Umasankha mtengo umodzi kumene wachokako, n'kumauyang'anitsitsa. Ukamachepa osapatuka, ndiye kuti ukuyenda bwino."

Anandipatsa nkhafi kuti ndiyesere. Ndinakhala nawo masiku angapo, mwina unali mwezi, mpaka matuza a m'manja anaphulika n'kuuma. Kuchokera pamenepo mabenchi ndinawatembenuza. Ana ankanyinyirika poyamba, koma phunziro linayamba kulowa m'thupi, chifukwa mwana akamapalasa atapereka msana, mnzake n'kufuula kuti adani ali pafupi, mantha ake amakhala enieni. A Chikakuda anati tsopano ndiye zafikapo, zisathere pano.

Makalata a Namilanzi ankandipeza mochedwa, ena atadutsa m'masukulu atatu. Ankalemba ndi pensulo. Mwandida wayamba kuyenda. Mwandida wanena mawu oyamba, koma si "ababa." Amalume apereka munda wa kudambo kwa alamu anu, akuti khasu lopanda mwini limachita dzimbiri. Ine ndinkayankha kalata iliyonse mawu omwewo: teremu imodzi yokha, maso anga ali komweko. Sindinkanama. Ndikatseka maso ndinkauona mtengo wa mbawa uja bwinobwino.

Kenako ndinafika m'tauni ina ya msewu umodzi, magolosale uku ndi uku. Ana a kumeneko anali ochenjera pakamwa. Anapalasa masiku awiri, lachitatu anaika mapesi pansi.

"Sala, kupalasa tatopa nako. Nkhondoyo iyamba liti?"

Ndinawauza za khwangwala. Aroma ataona kuti pokhotetsa zombo sangawapose a ku Katheji, anapanga mlatho wa matabwa wautali, wokhala ndi chisonga chachitsulo kunsi kwake ngati mlomo wa mbalame, n'kuuimika kutsogolo kwa chombo. Mdani akayandikira ankaugwetsa, chisonga n'kuzika m'matabwa, zombo ziwiri n'kugwirana. Asilikali ankangowolokera n'kumamenya nkhondo ngati ali pamtunda. Mlathowo ankautcha khwangwala.

Anawo anati akufuna amuone. Ndinapita kwa kalipentala wina kuseri kwa msika, a Dzimbiri, munthu wosalankhulalankhula, wa pensulo kukhutu. Anamvetsera, najambula pakhoma, nasankha thabwa la bulugama lotalika kuposa munthu. Chisonga anakasulitsa kwa mnzawo. Ine ndinkawagwirira thabwa, iwo akupala. Anandiphunzitsa kutsata mzere wa mtengo kuti usang'aluke.

"Kugwetsa ndamva," anatero akupukuta thukuta. "Nanga kuzula ankazula bwanji?"

Ndinatsegula buku, ndinafufuza uku ndi uku. "Buku silinena."

"Hm. Ife amisiri, msomali tisanaukhome timayamba taganiza mouzulira."

Tsiku la nkhondo tinajambula zombo ziwiri. Khwangwala atagwa, chisonga n'kuzika m'dothi, ana anakuwa mpaka amalonda anasiya mabenchi awo kudzaonerera. Nditacheuka, a Chikakuda anali pazenera. Nthawi imeneyi ndinalimba mtima.

"Bwana, kalata ija."

Anatsegula fayilo n'kundionetsa. Inalipodi, yotaipa bwino, dzina la mudzi wa mkazi wanga lili pamwamba.

"Mukuona? Kwangotsala kusaina basi. Koma a kuchigwa sanamuone khwangwala. Mungawamane?"

Kuyambira tsiku limenelo thabwa lija linali paphewa panga. Makondakitala ankandidziwa, ankati abwera a Thabwa. Ndinkaphunzitsanso ana kuti akatswiri ena amaganiza kuti khwangwala yemweyo, amene anapambanitsa Aroma, ndiye ankalemetsa zombo kumutu, moti namondwe atabwera zombo mazanamazana zinamira ndi anthu ake omwe. Ndinkalemba zimenezi pabolodi phewa lili chotupa, osadzimva ndekha.

Kuchigwa kunkatentha moti ana ankafika m'kalasi atatopa kale. Kumeneko ndinawonjezera nkhani ya nkhuku. Aroma asanapite kunkhondo ankamwazira chakudya nkhuku zawo zopatulika. Zikadya, ulendo ulipo, zikakana, ulendo wafa. Mkulu wina wa zombo, nkhuku zitakana kudya, anapsa mtima n'kuziponya m'nyanja, amvekere ngati sizikufuna kudya zimwe. Tsiku lomwelo anataya pafupifupi zombo zake zonse.

Nkhuku ndinabwereka kwa mayi Nangondo, amene ankaphika phala la ana pasukulupo. Kuti ikane kudya pamaso pa anthu, tinkayamba taikhutitsa m'mawa.

"Koma muzisiyanitsa, aphunzitsi," anandiuza. "Yokhuta imakana mutu uli m'mwamba. Yodwala imakana itazolika, mapiko ali lendee. Imeneyo siyochita nayo masewera."

Sabata yomweyo kunabwera kalata. Zilembo zake sizinali za Namilanzi. Zinali zazikuluzikulu, zopendama, za mwana amene wangophunzira kumene kulemba. "Ababa, amayi akuti ndikuuzeni kuti chakudya chikuwakana. Akuti musadandaule. Ndine Mwandida." Ndinaiwerenga ndili pakhomo la khitchini, kenako ndinawawerengera mayi Nangondo. Anasiya kutakasa.

"Aphunzitsi, iyi si yokhuta. Nyamukani lero lomwe."

Ndinalongedza. Koma a Chikakuda anandipeza ndikumanga sutikesi. Anati Lachisanu kukubwera akuluakulu a kulikulu kudzaona nkhuku, ndipo kalata adzaisaina pamaso pawo, kuti ndipite kwathu mwaulemu, osati ngati wothawa ntchito. Linali Lachiwiri. Ndinawerenga pa zala, ndinapeza masiku atatu okha. Ndinamasula chingwe. Mpaka lero ndimadana ndi zala zimenezi.

Lachisanu nkhuku inakana kudya monga tinapangana, mtsikana amene ankasewera mkulu wa zombo anaiponya m'beseni la madzi, ndipo alendo anaseka mpaka kupukuta misozi. Wamkulu wawo anati zinthu zotere siziyenera kufera m'fumbi, zilembedwe buku kuti ndi owerenga omwe amveko. Anandikweza m'galimoto yawo, thabwa pamwamba, kalata ija isanasainidwe. Mayi Nangondo anaima pakhomo la khitchini nkhuku yonyowa ili m'manja. Sanandibayibitse.

Mumzinda anandipatsa tebulo m'chipinda cham'mwamba. Wokonza mabuku anali mayi Kalonjere, mayi wa magalasi amene ankadula mawu anga ndi cholembera chofiira mopanda chisoni. Masamba makumi awiri a mayina a madoko ndi kuchuluka kwa zombo anawakankhira pambali.

"Owerenga alibe nazo ntchito zombo mazana atatu," anatero. "Apatseni munthu mmodzi pa benchi limodzi. Akuona chiyani?"

Ndinalemba kuti akuona msana wa mnzake, ndi kabowo kamene nkhafi yatulukira, kolowetsa kuwala pang'ono. Nkhondo saiona, amangoimva.

"Anali akapolo?"

"Ayi, mayi. Ambiri anali mfulu, amphawi chabe. Unyolo analibe."

"Ndiye bwanji sankangodzuka n'kumapita?"

"Ukasiya iwe, nkhafi yako imagunda ya mnzako, ya mnzakoyo n'kugunda ya wina. Chombo chonse chimasokonezeka. Ndiye umangoti ndikokeko kamodzi kokha."

Anavula magalasi. "Lembani chimenecho," anatero.

Buku linatuluka, laling'ono, la chikuto chobiriwira. Dzina langa silinalipo, panali dzina la ofesi. Sindinadandaule. Chimene chinkandidya n'chakuti makalata anali atasiya kubwera, ndipo ndinkaopa kulemba kufunsa chifukwa chake.

Ndinayesa kuthawa. M'mawa wina ndinapita kudepoti, ndinasiya thabwa pansi pa mpanda, ndinakwera basi yolowera kwathu. Isananyamuke, kondakitala anabwera akuthamanga. "A Thabwa, mwaiwala katundu wanu!" Analikweza pamwamba. Basi inayenda tsiku lonse n'kukaima pa sukulu ina yosadziwika. Ana anali atakhala kale pa mabenchi panja, atapereka misana, mapesi ali m'manja, akundidikira. A Chikakuda anali poteropo ndi fayilo. Zinachitika choncho katatu, kenako ndinaleka. Ana akakhala pa mabenchi n'kumakuyang'ana, mphunzitsi ungatani? Ndinkaima pakati n'kufuula kuti kokani.

Zaka zinapita, sindikudziwa zingati. Ndinaphunzitsa ana a ana amene ndinawaphunzitsa. Anthu ankati a Chikakuda anapuma ntchito kalekale, amene ndikuwaonawo ndi ena. Nkhope inkaoneka yachilendodi, nthawi zina yaing'ono kuposa yanga, koma jekete linali lomwelo, fayilo yomweyo. Ndikawaitana kuti a Chikakuda ankavomera. Kalata ija inali itasanduka yachikasu.

Nyengo ina ya fumbi galimoto ya a Chikakuda inanditsitsa pa sukulu ina. Ndinatsika monga mwa masiku onse, sutikesi kumanja, thabwa paphewa. Ndinapunthwa pa muzu. Nditauyang'ana ndinaudziwa. Mbawa inali itakula kuposa mmene ndinkaionera m'maso mwanga zaka zonsezo, ndipo pansi pake panalibe munthu.

Pa bwalo panali chombo cha phulusa, mabenchi, ana ndi mapesi awo. Pakati panaima mphunzitsi wamkazi, dzanja limodzi m'chiuno, kabuku kobiriwira kali m'thumba la diresi. Kaimidwe kameneko ndinkakadziwa. Ndi mmene Namilanzi ankaimira akamandidikira kuti ndimalize kulankhula. Ndinali ndi zaka zonsezo zokonzekera mawu oyamba oti ndidzanene kwa mwana wanga. Koma ana aja anali atakhala choyang'ana kutsogolo, ndipo pakamwa pa mphunzitsi ndi pa mphunzitsi basi.

"Aphunzitsi, mabenchi mwaika molakwika. Aroma ankapalasa atapereka msana."

Anatembenuka. Anayang'ana thabwa, kenako nkhope yanga.

"Bukulo ndinawerenga," anatero. "Ndikudziwa. Ndinawatembenuza dala."

"Dala? Ndiye kuti mukuphunzitsa ana zabodza."

"Pa mayeso amalemba zoona, musade nkhawa. Koma pa bwalo lino ayi. Amayi anga anaima pa muzu umenewo tsiku lililonse lotsekera sukulu mpaka miyendo inakana. Itakana tinkawanyamula pa mpando. Munthu amene ankamudikirayo ankalemba kuti maso ake ali kuno. Mwina analidi kuno. Ife sitinkafuna maso, ababa."

Ndinafunsa kuti amake ali kuti, ngakhale ndinali nditadziwa kale.

"Anagona ndili Sitandade 4. Kalata ya maliro tinatumiza. Inayenda m'masukulu asanu ndi awiri n'kubwerera kuno yosatsegula. Ili m'nyumba, ngati mukuifuna."

Kumsewu galimoto inaliza hutala. A Chikakuda anatulutsa mutu pazenera, akukupiza fayilo.

"Aphunzitsi, apa zikuoneka kuti akudziwa kale. Tiyeni, a kutsidya akudikira. Teremu imodzi yokha, kenako ndisaina."

Miyendo yanga inali itayamba kale kutembenuka yokha, monga inazolowera. Ndinachita mantha, chifukwa ndinadziwa kuti ndikangoponya phazi limodzi ndapita. Ndinapendeketsa phewa. Thabwa linagwa, chisonga chinazika m'dothi pambali pa muzu mpaka kumapeto.

"Zulani, tizipita," anatero a Chikakuda.

"Bwana, buku silinena mozulira."

Hutala inaliranso. Sindinacheuke. Mwandida sanandikumbatire, sanalirenso, ndipo sindikanamuimba mlandu. Anangotola phesi limodzi pansi n'kundipatsa, naloza benchi lakumapeto kwenikweni, pamene panali kampata pambali pa mtsikana wina wopanda mano akutsogolo.

Ndinakhala, kuyang'ana kutsogolo ngati ana. "Palasani!" anafuula Mwandida. Manja anga anakokera chakale, phesi langa linagunda la mtsikana uja, lakelo n'kugunda la mnzake, mzere wonse unasokonezeka. Ana anafa nacho chiseko. Ndinayesanso, zomwezo.

"Mwana wanga, chonchi sindingathe," ndinatero.

"Mudzaphunzira. Paja Aroma anu aja anayambira pa mtunda. Palasani!"

Ndinadzutsa mutu. Kumene mphuno ya chombo cha phulusa inaloza, kuseri kwa minda, kunali kamsitu ka kumanda. Ndinasankha mtengo umodzi n'kuuyang'anitsitsa, ndikupalasa fumbi pamodzi ndi ana, ndipo mtengowo sunkachepa.